Usachoke Osatsanzika, Tamanda

Swords, Dublin
Lamulungu masana

Wokondedwa mwana wanga Tamanda,

Ndikulemba kalatayi pa tebulo la kukhitchini, iwe uli ku Finglas kwa mnzako Chanda kumene mukumalizitsa zokonzekera ulendo wanu wa mawa. Amayi ako ali kuntchito mpaka madzulo, ndiye m'nyumba muno tatsala ine ndi phokoso la ndege. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti umamva chilichonse ngakhale umayankha m'Chingerezi, ndipo ndikudziwanso kuti Chichewa umawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. N'zimene ndikufuna. Chikanakhala Chingerezi ukanangoponyapo maso kamodzi n'kunena kuti, "Okay, Dad."

Patha masabata atatu ine ndi iwe osalankhulana bwino. Tsiku lija unatiuza tikudya kuti iwe, Chanda ndi mnzanu wina Aoife mwagula matikiti opita ku Austria, kukaona mzinda masiku awiri kenako kukayenda m'mapiri masiku asanu, kumagona m'tinyumba ta alendo ta kumtunda, ine ndinakuyankha moipa. Ndinati agogo ako anakalamba akukwera zitunda ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ndiye iwe waphunzira mpaka kuyunivesite kuti uzikakwera mapiri a eni ake popanda chokatengako. Unaika foloko pansi n'kunena kuti, "You taught mountains for ten years and you won't let me go and look at one." Kuyambira pamenepo mawu athu akhala akudzera kwa amayi ako ngati kuti iwo ndi positi ofesi. Ndi iwo amene andiuza dzulo kuti waitanitsa takisi ya 5 koloko m'mawa, ati kuti usadzutse munthu.

Za takisiyo ndibwererako. Poyamba ndivomere kuti unanena zoona. Zaka khumi ndinaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndisanabwere kuno kudzapitiriza maphunziro. Chaka chilichonse ndinkajambula mapiri a Alps pa bolodi ndi choko. Ndinkafotokozera ana a Fomu 3 mmene madzi oundana amatsetserekera pang'onopang'ono n'kusema chigwa chotakata pansi, chooneka ngati mkati mwa bwato, pamene chigwa chokumbidwa ndi mtsinje chimakhala chosongoka. Ndinkafotokoza ngati munthu wobadwira konko, chonsecho madzi oundana amene ndinawaonapo anali a m'firiji ya pagolosale. Ana ankakopera, n'kumakhoza mayeso. Ndiye mwana wanga wobala ndekha atanena kuti akupita kukaona zimene ndinkajambula zija, ndinayenera kudzuka n'kuvina. Chimene chinandiletsa ndi mantha, ndipo mantha a bambo akamatuluka pakamwa amamveka ngati ukali. Kumene manthawo anachokera ndikuuza m'kalata muno, chifukwa sindinakuuzepo. Koma ndiyambe ndi zing'onozing'ono, poti mphunzitsi sayamba ndi funso lovuta.

Sabata yanga yoyamba mu Dublin muno ndinagula nsapato zakuda zonyezimira, zoti akuluakulu a kuyunivesite aone kuti kwabwera munthu. Ndinazivala tsiku lomwelo, basi inandisiya, ndipo ndinati ndingoyenda wapansi poti kwathu tinazolowera. Ndinafika ndikutsimphina ngati tambala wobayidwa ndi minga, ndipo sabata yonse yotsatira ndinkalowa m'kalasi nditavala patapata ndi masokosi, kunja mvula ikugwa. Jombo zako ndaziona pakhonde. Ndaona kuti zayamba kudyeka kuzidendene chifukwa cha maulendo ako a Loweruka okayenda m'zitunda za ku Howth ndi ku Wicklow, ndipo pamenepa wawaposa bambo ako. Komabe, Tamanda, ukangomva kutentha pa chidendene, ima pomwepo, uvule, umatepo pulasitala. Usadikire kuti thuza lituluke, ndipo usachite manyazi kuimitsa anzako. Phazi likadandaula koyamba limakhala likupempha. Likadandaula kachiwiri limakhala likulamula.

Nditangoyamba ntchito ku Mulanje ndinapita kukaona makolo a mwana wina amene anasiya kubwera kusukulu. M'njira ndinapeza mayi akupalira, ndinawafunsa ngati kumudziko kunali kutali. Iwo anati, "Iyayi aphunzitsi, m'pafupi pompa, mukangodutsa mango awo mwafika." Mango ndinawadutsa dzuwa lili pamutu. Kumudziko ndinafika nkhuku zikulowa m'khola. Mayiwo sananame ayi. Kwa munthu woyenda njira imeneyo tsiku ndi tsiku panalidi pafupi, komanso kwathu sitikonda kufooketsa mlendo. Ndawerenga kuti zikwangwani za m'njira za ku Austria zimanena maola amene munthu ayende kuti akafike. Ukumbukire kuti maolawo anayezedwa ndi miyendo ya eni dziko, anthu oti saima kuti ajambule duwa lililonse ngati mmene adzachitire Aoife. Chikwangwani chikati maola atatu, inu muziwerengera anayi kapena asanu. Chimenecho ndi "pafupi pompa" cha kumeneko.

N'chifukwa chake muzinyamuka m'mamawa. Undilole ndifotokoze pang'ono, choko sichinandichoke m'manja. Dzuwa likatenthetsa zigwa m'mawa, mpweya wofunda umakwera m'mbali mwa phiri. Ukafika pamwamba umazizira n'kusanduka mitambo, ndipo masana mitamboyo imabweretsa mvula ya mabingu ndi mphezi. Tsiku likhoza kuyamba kuli ngwee, pofika 2 koloko kumwamba kwasintha. Nthawi imeneyo izikupezani mutatsika kale pamalo oonekera. Ndipo tsiku limene mudzakwere tingolo toyenda pa chingwe tokweza anthu kuphiri, funsani nthawi ya kangolo komaliza kotsika, uilembe pa dzanja ndi cholembera. Si minibasi ya ku Limbe yoti kondakitala adzakudikirani mukamukuwira.

Chaka changa choyamba kuno, anzanga a m'kalasi ananditenga kukayenda ku mapiri a Wicklow. Ndinavala jekete la suti, poti ndinamva kuti tikupita kokacheza. Mphepo ya kumtunda ija inandilowa mpaka m'mafupa. Aliyense akandifunsa kuti, "Are you all right there?" ndinkayankha kuti, "I'm grand," kutanthauza kuti ndili bwino, mawu amene ndinali nditangowaphunzira kumene ndipo ndinkanyadira nawo. Chingwe cha nsapato chitamasuka ndinawerama kuti ndimange, zala zinakana. Mayi wina wa m'kalasi mwathu ndi amene anaona, anandimangira ngati mwana wa mkaka, n'kundiveka chipewa chake cha ubweya chapinki. Chithunzi chake chilipo, amayi ako anachibisa penapake kuti azindiopseza nacho. Ife tinaleredwa kuti munthu akakufunsa kuti uli bwanji, uziyamba wanena kuti uli bwino, ngakhale uli gone pa mphasa ndi malungo. Mukacheza pang'ono m'pamene umati, "Koma mutuwu." Ndi ulemu wabwino pakhonde, koma kuphiri umavulaza. Matenda amenewa nawenso unatengera. Ndikukumbukira uli ndi zaka zisanu ndi zinayi unamaliza masewero onse a mpira chala chitathyoka, ukumwetulira. Ukatopa, nena. Mutu ukamawawa kapena ukamachita chizungulire, nena, chifukwa kumtunda mpweya umachepa ndipo thupi limafuna nthawi kuti lizolowere. Chanda, poti kwawo n'ku Zambia, umufunse kawiri. Ife ndi a ku Zambia tinaleredwa ndi mwambo umodzi. Funso loyamba adzayankha mwaulemu, lachiwiri adzayankha zoona.

Ukukumbukira ulendo wathu wa kumudzi uja, pamene tinatsegula masutikesi pakati pa bwalo la ndege chifukwa analemera kwambiri, n'kuyamba kuvala majuzi atatuatatu anthu akutionerera? Kwathu wapaulendo amanyamula za mudzi wonse, ndipo kumupatsa katundu ndiko kumukonda. Dzulo ndinawapeza amayi ako akulowetsa m'chikwama chako zitenje ziwiri, bulangete, botolo la chiponde ndi Baibulo lalikulu la pabalaza lija. Ndinati, "Mayi, mwanayu akukwera phiri, sakusamuka." Iwo anati, "Inu si munati asapite? Lero mwasanduka wolongedza?" Takambirana, ndipo tagwirizana pa chitenje chimodzi ndi mtedza wokazinga. Chitenjecho usachisiye. Ndi chopukutira, ndi mpango wa m'khosi, ndi chokhalira pa udzu wonyowa, ndipo sichilemera. Mtedza uike m'thumba loti dzanja lifikemo ukuyenda. Jekete la mvula likhale pamwamba pa zonse, osati pansi. Mafuta oteteza ku dzuwa uzidzola, usamvere zoti khungu lakuda silipsa. Ine ndinkakhulupirira zimenezo mpaka tsiku lina mphuno inasupuka. China chilichonse chimene ukuti "mwina ndidzachifuna," chitulutse. Msana wako udzakuthokoza tsiku lachitatu.

M'mapiri a kumeneko amadyetseramo ng'ombe zovala mabelu m'khosi, zokongola ngati za pa kalendala. Ine ndinawetapo ng'ombe za amalume ku Chikwawa, ndipo ndinaphunzira ndili pamwamba pa mtengo wa minga kuti ng'ombe yoyamwitsa ilibe chibwenzi. Belu silisintha mtima wake. Mukaona thole, lambalalani patali, mwakachetechete, ndipo musadutse pakati pa ilo ndi make. Chithunzi mudzajambula muli kuseri kwa mpanda.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndakhala ndikuizungulira ngati mbuzi pa chichiri. Chaka chachiwiri cha uphunzitsi wanga, ndisanadziwane ndi amayi ako, ine ndi aphunzitsi anzanga awiri tinakwera phiri la Mulanje pa tchuthi cha nyengo yozizira. Tinafika pa kanyumba kogona alendo dzuwa litapendeka kwambiri, chifukwa m'njira tinasochera, ndipo wosocheretsa ndinali ine amene ndinanyamula mapu. Anzangawo anandiseka chakudya chonse. Mmodzi anati, "Akuluakulu, tiziwapempherera ana a Fomu 3. Ngati owaphunzitsa mapu ndi awa, adzakatulukira ku Mozambique akufuna ku Thyolo." Ndinaseka nawo ndi mano okha, mumtima ndikupsa. Ndinati, "Chabwino, mawa ine ndikutsika, ndione amene akutsogolereni." Iwo anati, "Muyende bwino, bwana mapu."

Kutacha ndinadzuka iwo akadali m'tulo. Koma sindinatsike ayi. Panali nsonga ina imene inkaoneka pafupi ndi kanyumbako, ndipo ndinaganiza zoikwera ndekha, ndibwere asanamalize kumwa tiyi, ndiwauze kuti bwana mapu wafika pamwamba. Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire dzina lawo a Namakhwa, anali kuseri akuwaza nkhuni. Nkhwangwa ndinkaimva bwinobwino. Ndinadutsa monyang'ama kuti asandifunse kumene ndikupita.

Ndisanafike ndi pakati pomwe, chiperoni chinabwera. Mvula yowaza ya kuno ukuidziwa. Uwonjezerepo chifunga choti ukatambasula dzanja zala zako osaziona bwino. Ndinali ndi juzi yopyapyala ndi mapu, ndipo mapu alibe ntchito pamene sukuona chilichonse choti ufanizire nawo. Ndinaterereka pa thanthwe lonyowa, bondo linamenya mwala. Ndi bondo lomwe lija limandivuta kukazizira, limene ndinakuuza kuti ndinavulala pa mpira. Ndinakwawira pansi pa chimwala china, ndipo ndinakhala pamenepo tsiku lonse mpaka kunacha. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Chimene chinkandilimbitsa mtima n'choti anzanga akundifunafuna, afika posachedwa. Tamanda, sankandifunafuna. Atadzuka n'kupeza palibe, anati wanyanyala, watsika monga ananenera. Anamwa tiyi, anakhala pamoto kudikira kuti chifunga chichoke. Sanali anthu oipa. Yankho ndinali nditawapatsa ndekha dzulo lake.

Madzulo a Namakhwa akusesa anapeza chikwama changa pansi pa benchi, m'katimo muli makiyi a nyumba yanga. Anawauza anzangawo kuti, "Munthu wopita kwawo sasiya makiyi." Koma kunja kunali kutada kale, sakanatha kutuluka. Kutangoyera analunjika ku nsonga yomwe ija, ati chifukwa aliyense wofuna kudzionetsa amathamangira kumeneko poti imaoneka pafupi. Anandipeza ndikunjenjemera, nditalephera ndi kutchula dzina langa lomwe. Sanandikalipire. Anandifunditsa chikhoti chawo, anandimwetsa tiyi wa shuga wambiri wa m'botolo, kenako tinayamba kutsika nditawakolowekera dzanja m'khosi. Titakhala pa mwala kuti tipume anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, dzulo m'mawa munandimva ndikuwaza nkhuni?" Ndinati ee. Iwo anati, "Ndiye mawu awiri okha anakulemerani? Anthu amayesa kutsanzika ndi ulemu chabe. Iyayi. Wotsanzika amatiuza koyambira kumufuna. Mukanangoti ndapita uko, dzulo lomwelo ndikanakupezani tiyi asanazizire."

Kuchokera tsiku limenelo sindinakwerenso phiri lalitali. Ndinapitiriza kuwajambula pa bolodi, poti pa bolodi sipabwera chifunga. Nkhaniyi amayi ako amaidziwa theka lokha, ndipo lero aiwerenga yonse pambuyo pako ngati uwalola. Ndiye pamene unati Austria, ine sindinaone zigwa zokongola zija. Ndinaona pansi pa chimwala chija, iwe uli pamenepo. Ndipo taona chimene ndinachita. Ndinakuseka pa chakudya monga anandisekera anzanga aja, mpaka nawe waganiza zochoka m'mamawa monyang'ama. Amayi ako atanena za takisi ya 5 koloko, ndinamva nkhwangwa ya a Namakhwa m'makutu. Amati pepani sapoletsa chilonda, komabe pepa, Nambewe. Ndinalakwa ine.

Masabata atatu onsewa ndakhala ndikuwerenga za ulendo wako mobisa, pa kompyuta ya kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Njira yanu ndaitsata ndi chala pa mapu kangapo, ndipo ndinene mosabisa kuti mwaisankha mwanzeru, yoyenera anthu oyamba kumene. Powerengapo ndinapeza chinthu chimene chinandiseketsa ndekha mu ofesi. M'tinyumba ta kumapiri a kumeneko mumakhala buku, ndipo mlendo amalembamo dzina lake, kumene wachokera ndi kumene akupita. Anthu aja, ndi mafoni awo ndi ndege zawo zopulumutsira anthu, anafika pa nzeru yomweyo ya bambo wowaza nkhuni ku Mulanje. Uzilemba m'buku limenelo tsiku lililonse, mwana wanga, ndi zilembo zowerengeka, osati zako zothamanga zija. Mukasintha njira, muuzeni woyang'anira kanyumbako musananyamuke. Mumufunsenso za nyengo, ndipo akati lero ayi, ikhale ayi. Safunsa anadya phula. Foni usaidalire kwambiri, chifukwa batire limatha msanga kukazizira ndipo netiweki imasowa kuseri kwa phiri. Buku silitha batire.

Anthu atatu pa ulendo amakangana ndithu, kawirikawiri miyendo ikatopa ndi mimba ikalira. Mudzakangana za njira, za amene akuchedwetsa anzake, za amene anaiwala buledi. Kanganani, si mlandu. Koma wina asachoke yekha, ngakhale iwe. Ndipo wina akasowa, pasapezeke wonena kuti wanyanyala, abwera yekha. Nyamukani mukamufune, mkangano mudzamalizitsa mutamupeza. Mukafika pamalo poti mtima ukukana, kaya pali madzi oundana otsalira panjira, kaya mitambo yada, bwererani. Phiri silisamuka. Amene anabwerera ali ndi chaka chamawa.

Ndalemba zoopsa zambiri, ungayese kuti ndikufuna ukayende utagwira mtima m'manja. Ayi. Ukasangalale, Tamanda. Masiku a mumzinda ukalowe m'matchalitchi akale aja, ukadye makeke awo, m'sitima ukakhale cha kuwindo. Ukamwe madzi ozizira a pa kasupe wa pakanyumba, ukaone dzuwa likutuluka pa nsonga zoyera. Agogo ako anakwera zitunda ndi nkhuni pamutu kuti tsiku lina mdzukulu wawo adzakwere phiri chifukwa chongofuna kuona. Mawu amenewa ndi amene ndinayenera kunena tsiku lija. Ndipo ukafika pamwamba pa chigwa chachikulu, uime, uchiyang'ane bwinobwino, undiuze ngati chikuonekadi ngati mkati mwa bwato. Chikakhala kuti sichikuoneka choncho, unditumizire uthenga wa ine ndekha. Ena mwa ana aja ndi mabwana tsopano, asamve kuti ndinawanamiza zaka khumi.

Tsopano za takisi. Kwathu wapaulendo sitimusiyira pakhomo. Timamunyamulira katundu, timamuperekeza mpaka pa mphambano, ndipo pamenepo m'pamene amanena tsiku lobwera. Mphambano yathu kuno ndi bwalo la ndege, ndipo lili pafupi pompa, pafupi penipeni, osati pa mayi opalira aja. Ndiwe wamkulu, ukafuna kukwera takisi yako sindikuletsa. Chimene ndikupempha n'choti usadutse chitseko chathu monyang'ama. Gogoda. Ukaopa kudzutsa munthu, usavutike, udzandipeza nditadzuka kale.

Jombo zako ndazipaka mafuta oletsa madzi, zili pa nyuzipepala pafupi ndi chitseko. Pambali pake ndaika kope latsopano ndi cholembera. Ndalemba mizere ndi rula monga ndinkachitira ndi kaundula wa kalasi: dzina, kopita, nthawi yobwera. Likhala pamenepo kuyambira lero, la tonse m'nyumba muno. Mzere woyamba ndadzaza kale ine, uupeza ukabwera kuchokera ku Finglas. Ndalemba kuti, "Mbewe. Ndapita kukathira petulo m'galimoto, mwina ifunika mawa m'mamawa. Ndibwera 6 koloko."

Mzere wachiwiri ndakusiyira iwe.

Ndine bambo ako,
amene anaphunzira kutsanzika mochedwa.